MAKOMBE: MFUMU YOMWE INAKANA CHIBALO CHA APWITIKIZI

Mukamagula mlamba wouma kwa mayi wolankhula Chisena mumsika wa Limbe kapena Ndirande, kodi mumadziwa chomwe chinabweretsa makolo a Asena ambiri ku Nsanje ndi Chikwawa? Mbali yaikulu ya yankho ili m'dzina limodzi: Makombe.

Ine ndinakulira kuchigwa komweko. Agogo akafuna kunena zamakedzana ankangoti "nthawi ya nkhondo ya Makombe". Kusukulu anatiphunzitsa za John Chilembwe ndi 1915, koma za Makombe, zii!

Makombe linali dzina laufumu la mafumu a Abarue, kumwera kwa mtsinje wa Zambezi ku Mozambique, dera lomwe lero kuli tauni ya Catandica. Mu 1902 asilikali a João de Azevedo Coutinho anagonjetsa Makombe Hanga, iye n'kuthawira ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Apwitikizi anayesa kuti zatha. Anadzinamiza.

Inu amene mumadandaula ndi tikiti ya mumsika m'mawa uliwonse, tamvani izi. Anthu kumeneko ankakhoma msonkho wotchedwa musoko. Pamwamba pake ankagwidwa chibalo kukalambula msewu wochokera ku Tete kupita ku Macequece, minda n'kugonera kumudzi. Asipayi, apolisi achikuda a boma, ankakwapula amuna ndi kuchita zachipongwe amayi. Mu 1916 Portugal italowa nkhondo yolimbana ndi Germany, anayambanso kugwira anyamata kuti akakhale asilikali ndi amtengatenga. Nkhani yofera nkhondo ya eni ndi yomwenso Chilembwe anadandaula kuno kwathu.

Mphika unasefukira mu Malichi 1917. Akalonga awiri a banja la Makombe, Nongwe-Nongwe ndi Makosa, anadzutsa nkhondo. Mayi wina wamizimu, dzina lake Mbuya, analimbitsa anthu mtima, ati mankhwala ake asandutsa zipolopolo kukhala madzi. Maboma a Apwitikizi ku Chemba ndi Tambara anaukiridwa, moto n'kufalikira mpaka ku Zumbo, kumalire ndi Zambia wa lero. Chodabwitsa chinali chakuti Abarue, Asena, Atonga, Atawara, Ansenga ndi Achikunda anamenya nkhondo imodzi. Mutu umodzi susenza denga, iwo anazindikira.

Nanga zinavuta pati? Poyamba, akalonga awiri aja ankalimbirana mpando. Chachiwiri, Apwitikizi analemba ganyu ankhondo Achingoni zikwizikwi, n'kuwaloleza kutenga katundu, amayi ndi ana m'midzi yogonja. Sindikunena izi ponyoza mtundu wa wina ayi. Ndikunena kuti mtsamunda sanapambane ndi mfuti zokha; anapambana pogula wakuda kuti akanthe wakuda mnzake. Pofika 1918 nkhondo inali itazilala, atsogoleri atathawira ku Rhodesia.

Anthu wamba ndiwo anaona zakuda. Midzi inapsa, nkhokwe zinapsa. Miyandamiyanda inawoloka Zambezi n'kulowa m'boma la Port Herald, lomwe lero ndi Nsanje. Amang'anja anawapatsa malo, iwo n'kuyamba kulima thonje ndi mapira, kuwedza ku Dinde ndi kukwatirana ndi eni dziko.

Njira yomweyo inadzazanso m'ma 1980, pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Malawi inasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Chilembwe ali pa ndalama zathu, ndipo pa 15 Januwale timamukumbukira. Makombe alibe tsiku kuno, alibe chipilala. Koma zidzukulu za othawa nkhondo yake zili ku Bangula, ku Ngabu, ku Nchalo, ndipo zimavota ngati inu ndi ine. Tsono wandale akadzaima pamsonkhano n'kuyamba kusankha kuti awa ndi obwera, awa ndi eni nthaka, mudzamufunse funso limodzi lokha: bwana, ganyu imeneyi wakulembani ndani?