Kulowa kobwereza-bwereza m'kaundula wa seva: kodi ndi mbava?

Pa malo amene makompyuta ambiri alumikizidwa pamodzi, monga m'masukulu a maphunziro apamwamba a ku Chalimbana m'boma la Chongwe, kompyuta yaikulu yochedwa seva imalemba m'kaundula wake wa citetezo aliyense amene walowa. Woyang'anira seva angapeze mizere zikwi zambiri yolembedwa usiku umodzi, nthawi imene ophunzira ndi aphunzitsi anali mtulo. Koma kuculuka kwa mizere pakokha si umboni wakuti mbava zalowa.

Pa seva ya Windows, nambala 4624 itanthauza kuti kulowa kwatheka, 4625 kwalephera, ndipo 4634 itanthauza kutuluka. Mzere uliwonse umaonetsanso mtundu wa kulowako. Mtundu 2 ndi wa munthu amene wakhala pa kompyutayo. Mtundu 10 ndi wa munthu amene akuiyendetsa ali kutali. Mtundu 3 ndi kulowa kudzera pa netiweki, ndipo ndiwo umaculuka koposa.

Cifukwa cake n'cakuti mtundu 3 umalembedwa ngakhale munthu asanalembe mau acinsinsi. Mphunzitsi akatsegula faelo yosungidwa pa seva, kapena akatumiza pepala ku makina osindikizira ogwiritsidwa nchito ndi onse, mzere umalembedwa. Makompyuta nawonso amalowa okha, ndipo maina ao amathera ndi cizindikilo ca $. Kompyuta iliyonse yoyang'aniridwa ndi seva imafunsa malamulo atsopano pafupi-fupi mphindi 90 zilizonse. Motero makompyuta 40 osiyidwa oyaka usiku wonse angadzaze kaundula popanda wina wowakhudza.

Zodetsa nkhawa n'zina. Coyamba ndi mizere ya 4625 yotsatizana mofulumira pa dzina limodzi, maka-maka ikatsatiridwa ndi 4624, pakuti wina angakhale wapeza mau acinsinsi mwa kuyesa kambiri. Caciwiri ndi adiresi imodzi yoyesa maina ambiri. Cacitatu ndi adiresi yacilendo yocokera kunja, kapena dzina la wogwira nchito amene anacoka kale. Komabe, kompyuta kapena pulogalamu imene yasunga mau acinsinsi akale nayonso imabweretsa 4625 mobwereza-bwereza. N'cifukwa cake woyang'anira ayenera kufufuza dzina, adiresi ndi nthawi asanagamule.

Ngoziyi si nthano m'dziko la Zambia. Mu May 2022, Bank of Zambia inalengeza kuti makina ake ena anasokonezedwa, ndipo gulu la mbava za pa intaneti lochedwa Hive ndilo linachulidwa pa nkhaniyo.

Pa sukulu, zimene zili pangozi ndi zotsatira za mayeso ndi mbiri ya malipiro a ophunzira. Woyang'anira amene wazimitsa kaundula cifukwa cotopa ndi mizere amataya umboni. Cofunika ndi kuusunga, kudziwa mmene umaonekera pa tsiku wamba, ndi kufufuza msanga mzere uliwonse wosiyana ndi zimenezo.