Mabuku Obwera M'makatoni ndi Mafupa a ku Karonga

Masiku ano m'mipingo yathu ndi m'masukulu ena mukufika mabuku ndi timapepala tochokera kunja, makamaka ku America. Ambiri ngokongola, a zithunzi zamawangamawanga, ndipo amaperekedwa ulere. Kumene ana asanu amalimbirana buku limodzi, mphatso yotere palibe angaikane. Koma pakati pa mabuku abwinowo pali ena amene atidetsa nkhawa ife aphunzitsi ndi akulu a mpingo kuno ku Mulanje. Amenewa amaphunzitsa kuti dziko lapansi lakhala zaka 6,000 zokha, ndi kuti chiphunzitso cha chisinthiko, chimene chimati mitundu ya zamoyo imasintha pang'onopang'ono m'kupita kwa mibadwo, ndi bodza la anthu okana Mulungu. Zomwezi zikuyendanso m'mafoni a achinyamata athu.

Taganizani za mwana wa ku sekondale amene akukonzekera mayeso a MSCE. Lolemba mphunzitsi wa Biology amuphunzitsa za chisinthiko. Lamulungu alandira kabuku konena kuti wokhulupirira zimenezo wataya Baibulo. Mwanayo amvere yani? Ena amangoloweza za m'kalasi kuti akhoze mayeso, mumtima akuziyesa zonama. Ena, ndipo kawirikawiri ndi anzeru aja, akapita patsogolo ndi maphunziro naona umboni ndi maso awo, amati ku tchalitchi anatinamiza, nachokeratu. Onsewa tawalakwira ndife.

Makolo ambiri amayesa kuti mabukuwa akungobwereza chimene mpingo wakhala ukuphunzitsa chiyambire. Si choncho ayi. Chiwerengero cha zaka 6,000 sichinalembedwe m'buku la Genesis. Chimadziwika kwambiri chifukwa cha bishopu wa ku Ireland, James Ussher, amene mu 1650 anawonkhetsa mibadwo yotchulidwa m'Chipangano Chakale napeza kuti dziko linalengedwa mu 4004 Khristu asanabadwe. Osindikiza anayamba kuika chakacho m'mbali mwa masamba a Baibulo lachingelezi, ndipo owerenga anachiyesa mbali ya Malembo. John Calvin, amene ife Apresibiteriyani timamutcha kholo lathu, anali ataona kale kuti Genesis sanalembedwe ngati buku la sayansi. Pofotokoza za zounikira zazikulu ziwiri, iye anavomereza kuti akatswiri a zakuthambo apeza kuti Saturn ndi wamkulu kuposa mwezi, nanena kuti Mose analemba molingana ndi mmene munthu wamba amaonera kumwamba, kuti ndi wosaphunzira yemwe amve.

Nanga mkangano waukuluwu unachokera kuti? Kwakukulu ndi wa ndale za ku America. Mu 1925 chigawo cha Tennessee chinakhazikitsa lamulo loletsa kuphunzitsa m'masukulu aboma kuti munthu anachokera ku zamoyo zina. Mphunzitsi wina, John Scopes, anazengedwa mlandu mumzinda wa Dayton nalipitsidwa madola 100. Womutsutsa wotchuka anali William Jennings Bryan, wandale amene anapikisana katatu pa mpando wa pulezidenti, komanso mkulu wa mpingo wa Presibiteriyani monga ife. Tisamunyoze msanga. Buku limene ana a ku Tennessee ankaphunzira linkasanja mitundu ya anthu, azungu pamwamba pa onse, ndipo nzoona kuti dzina la Charles Darwin linagwiritsidwa ntchito popondereza anthu akuda, monganso nkhani ya Hamu mwana wa Nowa inagwiritsidwira ntchito yomweyo ndi anthu onyamula Baibulo. Koma chimene mabuku a m'makatoni sanena nchakuti Bryan yemweyo, atafunsidwa pa mlanduwo, anavomera kuti masiku a m'Genesis angathe kukhala nyengo zazitali.

Chiphunzitso cha dziko la zaka zochepa chinafala kwambiri pambuyo pa 1961, pamene John Whitcomb ndi Henry Morris anatulutsa buku lotchedwa The Genesis Flood. Lamulo la ku Tennessee linafafanizidwa mu 1967, ndipo mu 1987 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linaletsa kukakamiza masukulu aboma kuphunzitsa chiphunzitsochi ngati sayansi. Apa mpamene panachitika chinthu chochititsa manyazi. Olemba buku lina, Of Pandas and People, anachotsa m'zolemba zawo mawu onena za kulenga naikapo mawu ena akuti zamoyo zinakonzedwa ndi wanzeru wina wosatchulidwa dzina, zotsalazo nkuzisiya mmene zinalili. Izi zinaululika pa mlandu wa ku Dover, m'chigawo cha Pennsylvania, mu 2005, ndipo woweruza, John E. Jones III, anapeza kuti ena mwa akuluakulu a komiti ya masukulu ananama atalumbira. Ife tikufunsa: ndi chikhulupiriro chotani chimene chimabisa dzina la Mlengi pofuna kulowera pazenera?

Ndi kufupi kuno ndale zinalowererapo. Ku South Africa, m'nthawi ya tsankho, chisinthiko sichinkaphunzitsidwa m'masukulu, ngakhale kuti chigaza chakale cha mwana wa ku Taung chinapezeka m'dziko lomwelo mu 1924. Boma lolekanitsa anthu silikanakondwera ndi phunziro losonyeza kuti mzungu ndi munthu wakuda ali ndi makolo amodzi, ndipo makolowo ndi a mu Africa. Phunziroli linalowa m'kalasi lomaliza la sekondale mu 2008.

Koma chotipweteka koposa nchakuti mabukuwa amauza mwana wa m'Malawi kuti akane zimene zili m'nthaka ya kwawo. M'zaka za m'ma 1920 Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, amenenso analemba za phiri lathu la Mulanje, anatola mafupa osanduka miyala m'boma la Karonga. Anali a chinyama chachikulu cha khosi lalitali, cha mtundu wa madainoso, chimene chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mu 1993 chinapatsidwa dzina loti Malawisaurus, ndipo mmodzi wa akatswiri amene anachitcha dzinali ndi mayi wa dziko lino, Elizabeth Gomani. Mu 1991, ku Uraha m'boma lomwelo, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linafukula nsagwada ya munthu wamakedzana, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa anthu pa dziko lonse. Phiri limene timaliona tsiku ndi tsiku, ndi nsonga yake ya Sapitwa ya mamita 3,002, ndi thanthwe limene linasungunuka nkuuma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, kenaka mvula nkukokolola miyala yofewa yolizungulira. Zaka zimenezi sazilota. Amaziyesa poona mmene zinthu zina za m'mwala zimasinthira pa liwiro lodziwika, ndipo njira zosiyanasiyana zimapereka yankho logwirizana.

Pitaninso ku nyanja. Nsomba za mtundu wa chambo, mbuna ndi utaka zilimo mitundu mazanamazana, yambiri yosapezeka kwina kulikonse. Ina imapala ndere pa miyala, ina imaphwanya nkhono, ina imadya mamba a nsomba zinzake, koma yonse ndi yapachibale. Pamene bungwe la UNESCO linaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti nsombazi zimaonetsa chisinthiko poyera. Alendo amawoloka nyanja zamchere kudzaphunzira zimenezi, ife nkumauza ana athu kuti atseke maso.

Wina anganene kuti izi nzakutali ndi moyo wa pakhomo. Tsono tikumbukire malungo. Ife achikulire tinakula ndi mankhwala owawa aja a kolorokwini. M'kupita kwa zaka anasiya kuchiritsa, ndipo mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya nkuyamba Fansidar. Chinachitika nchiyani? Pakati pa tizilombo ta malungo panali tochepa tolimba ku mankhwalawo. Tofooka tinkafa, tolimbato nkutsala ndi kuswana, mpaka tinadzaza dziko. Kolorokwini atachotsedwa, tizilombo tofooka tija tinachulukanso, kotero kuti madokotala atamuyesanso pa ana a mu Blantyre, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2006, anachiritsa pafupifupi onse. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinalandira LA. Kusankhika kotere kwa zolimba pakati pa zofooka ndiko phata la zimene Darwin anafotokoza mu 1859. Namwino wa mawa amene waphunzitsidwa kuti zimenezi ndi bodza sadzamvetsa chifukwa chake kumwa mankhwala mwachisawawa kumaika mudzi wonse pa ngozi.

Mabukuwa amakondanso kunena kuti asayansi amati agogo athu anali anyani amene amatiba chimanga m'munda. Sayansi sinena choncho. Imati anthu ndi anyani akuluakulu anachokera ku kholo limodzi lakalekale, monga nthambi ziwiri za mtengo umodzi. Kutsutsa mawu amene mnzako sananene nkumuchitira umboni wonama, ndipo lamulo lachisanu ndi chinayi ana athu amaliloweza m'kalasi ya katekisimu.

Mpingo wathu uli ndi chitsanzo chake pa nkhaniyi. Henry Drummond, mlaliki wa ku Scotland amene ankaphunzitsa sayansi pa sukulu ya zaubusa ku Glasgow, anafika m'dziko muno mu 1883, nadzera ku Blantyre mpaka kumpoto kwa nyanja, akuyang'anitsitsa miyala, chiswe ndi tizilombo todzifanizira ndi udzu. Iye ankaona chisinthiko ngati njira imene Mulungu amagwirira ntchito, ndipo mu 1894 anadzudzula Akhristu amene amafunafuna Mulungu m'mipata yokhayo imene sayansi isanafotokoze, pakuti mpata uliwonse ukatsekeka, mulungu wotereyo amacheperachepera. Tikudziwa kuti m'mipingo yathu muli abale ndi alongo okhulupirika amene amawerenga masiku asanu ndi limodzi aja ngati masiku a maola 24, ndipo timadya nawo Mgonero pa gome limodzi. Tikudziwanso kuti mphunzitsi wouza ana kuti chisinthiko chatsimikiza kuti kulibe Mulungu wapyola malire a phunziro lake, pakuti chipangizo choyesera mwala sichingayese funso limenelo. Chimene tikukana ndi buku lodzitcha la sayansi koma lobisa umboni.

Pempho lathu kwa abusa ndi mabwalo a akulu a mpingo nlakuti katoni ya mabuku ikafika, isagawidwe ku Sande sukulu tsiku lomwelo. Pasankhidwe anthu awiri kapena atatu, mwa iwo mphunzitsi wa sayansi kapena wogwira ntchito ya chipatala, awerenge kaye, aone amene analemba ndi chimene akufuna. Inu makolo, mwana akabwera ndi funso la mafupa akale, musamukalipire. Mupite naye kwa amene angamuyankhe. Ndipo magulu a achinyamata amene chaka ndi chaka amasonkha ndalama za ulendo wa kwaya aganizireko za Karonga. Nkutali ndithu kuchokera ku Mulanje, koma nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa kumeneko mu 2004 ili ndi chifaniziro cha mafupa onse a Malawisaurus, choimikidwa bwinobwino, choti mwana nkuima pambali pake nadziyeza nacho msinkhu.