Musanasaine renti, yendani kaye m'misika yofolera ya Dublin

Anzanga a geni, ambiri kuno ku Dún Laoghaire timalota shopu ya pa George's Street Lower. Koma renti ya kuno siseka ndi munthu, ingadye mpamba wonse chaka chisanathe. Ine ndagulitsa katundu kuchokera ku Limbe mpaka Johannesburg, ndipo langizo langa ndi limodzi: perekani Loweruka limodzi kuyendera misika yakale yofolera ya mu Dublin, muone chimene chimasunga msika.

Kwerani DART pa Dún Laoghaire mutsike pa Pearse, ulendo wake sukwana theka la ola. Yambirani pa Powerscourt Centre, pa South William Street. Inamangidwa m'ma 1770 ngati nyumba ya bwana wina wolemera, ndipo inasanduka malo a mashopu mu 1981. Apa anthu amabwera dala, ndi ndalama m'thumba. Katundu wa "tsitsaniko pang'ono" sangayende apa.

Mukatuluka, dutsani Castle Market mulowe George's Street Arcade. Unatsegulidwa mu 1881 ndi dzina loti South City Markets, unapsa mu 1892, n'kutsegulidwanso mu 1894. Mpaka lero ukugwira. Chinsinsi chake n'chiyani? Uli ndi makomo awiri, lina ku Drury Street, lina ku South Great George's Street. Munthu wongodutsa kapena wothawa mvula amapezeka wagula. Pakati pali timabenchi, m'mbali muli mashopu. Muonenso kaunjika: kuno amamutcha vintage, amachapa, kusita, kupachika bwino, mtengo n'kukwera.

Kenako yendani mpaka Francis Street mukaone Iveagh Markets. Lord Iveagh wa banja la Guinness anaumanga, n'kutsegulidwa mu 1906, kuti ogulitsa m'misewu apeze pothawira mvula. Unatsekedwa m'zaka za m'ma 1990 ndipo wakhala wotseka zaka zambirimbiri. Denga lokha siligulitsa katundu, abale.

Ndiye pamalo paliponse chitani izi. Imani pakhomo mphindi 15, muwerenge odutsa. Mwa iwo, angati anyamula jumbo? Onani ngati anthu amadutsira pamenepo popita kwina, kapena ndi kumathero kwa njira. Funsani wogulitsa mwaulemu kuti wakhalapo zaka zingati. Benchi yosinthasintha eni ake ikukuchenjezani.

Mukabwerera, yesani muyeso womwewo pa Dún Laoghaire Shopping Centre, pa Bloomfields, ndi pamsika wa Lamlungu. Ndipo kumbukirani kuti kuno sungangoyala katundu pamsewu ngati kwathu. Lamulo la Casual Trading Act la 1995 limafuna laisensi yochokera ku khonsolo, kwa ife ndi Dún Laoghaire-Rathdown County Council. Onaninso ngati chiphaso chanu chokhalira muno chikukulolani kuchita bizinesi.

Yambani ndi tebulo, shopu ibwere pambuyo. Amene mwayendapo kale, tiuzeni manambala amene munapeza.