Brenda Starr, Mtolankhani wa Tsitsi Lofiira Amene Anakanganitsa Atolankhani Enieni

M'chaka cha 2025 panakwana zaka 85 chiyambireni kuoneka Brenda Starr, mtolankhani wa m'makatuni amene anatulukira m'nyuzipepala ina ku Chicago pa 30 June 1940. Sanali mtolankhani wamkazi woyamba m'makatuni. Jane Arden anali atayamba kale kusaka zigawenga mu 1928, ndipo Lois Lane anabwera mu 1938. Koma awiriwa anapangidwa ndi amuna, pamene Brenda anachokera m'manja mwa mayi.

Mayiyo anabadwira ku Indiana mu 1906 ndipo ankadya za luso lake lojambula makadi a mafuno abwino. Makatuni ake akawatumiza, akonzi ankangowabweza. Atazindikira kuti chomugwetsa ndi dzina lake lachikazi, analidula kuti lizimveka lachimuna. Ngakhale anatero, mkulu wina wa nyuzipepala ku New York anakanitsitsa kusindikiza katuniyo, ndipo inalowa m'nyuzipepala yakeyo iye atamwalira. Mayiyo sanafooke. Pofika m'ma 1950, Brenda ankatuluka m'nyuzipepala pafupifupi 250.

Mkangano unabukira pa zovala ndi chikondi. Atolankhani ena achizimayi ankadandaula kuti Brenda akuwanamizira. Iwo ankakhalira kulemba za m'makhoti ndi za kukhitchini pa malipiro ochepa, pamene mnzawo wa papepalayu ankapita kukatola nkhani atavala madiresi odula, tsitsi lokonzedwa bwino ngati wa m'mafilimu. Mtima wake unali pa Basil St. John, bambo wa diso limodzi lophimbidwa, amene moyo wake unkadalira mankhwala ochokera ku duwa lakuda. Anamudikira mpaka anakwatirana mu 1976. Nanga nkhani ankalemba nthawi yanji?

Dandaulolo n'lomveka, koma ine ndili kumbali ya Brenda. Mtsikana wa nthawi imeneyo akatsegula nyuzipepala ankaona mkazi akutsutsana ndi mkonzi wake, akukana nkhani zazing'ono, akukwera ndege yekha kupita kutali. Diresi ndi limene linkakopa maso, koma chotsalira m'mutu chinali chakuti ntchitoyi mkazi angathe kuigwira, ndiponso kuikonda.

Mayi uja atasiya kujambula mu 1980, onse amene anapitiriza katuniyo anali akazi, mpaka inatha pa 2 January 2011.