Satifiketi ya khofi wa ku Phoka siichokera ku boma

Alimi a khofi ku Phoka ndi ku Mphompha amandifunsa kawirikawiri kuti malamulo a satifiketi amene timawalondola nawowa anachokera ku unduna uti. Sanachokere ku boma ayi. Eni ake ndi mabungwe oima paokha monga Fairtrade ndi Rainforest Alliance, ndipo amene amawaumirira ndi ogula akunja. Mlimi wosawatsata samangidwa, kungoti khofi wake amaphonya msika wa mtengo wabwino.

Mbewu ina imene ili ndi satifiketi yotereyi ndi mawese, omwe anzathu a ku Karonga amayengera pakhomo. Nkhalango za ku Indonesia ndi Malaysia zitayamba kutha chifukwa cha minda yake, makampani ndi bungwe la WWF anakhazikitsa bungwe la satifiketi lotchedwa RSPO mu 2004 kuti wogula azidziwa mafuta olimidwa mosamala. Kuno ku Rumphi mwambo womwewo unatipeza pa khofi, kudzera m'makopaletivu a Mzuzu Coffee.

Ntchito yanga ndi kukonzekeretsa alimi woyendera wa satifiketi asanafike. Ambiri amasesa m'munda poganiza kuti akubwera kudzaona kukongola kwa mitengo. Iye amayambira m'mabuku: mankhwala munapopera liti, botolo lake munalisunga kuti, makilo amene munagulitsa akugwirizana ndi mitengo imene munalembetsa? Kenako amatsikira kumakina osendera khofi kukaona kumene madzi onunkha ochokera m'makinawo akupita. Akapeza kuti akuthera mumtsinje m'malo mwa dzenje, mlandu umagwera gulu lonse, chifukwa satifiketi ndi ya kopaletivu. Pa minda mazanamazana amasankhapo yochepa, ndiye palibe amene amadziwiratu kuti afika kwa yani.

Phindu lilipo. Pa Fairtrade wogula amawonjezera masenti 20 a ku America pa paundi iliyonse, ndipo alimi amagwirizana okha pamsonkhano chochita nazo. Chondiwawa n'chakuti ndalama yolipira woyendera imachoka m'thumba la kopaletivu chaka ndi chaka, pomwe wogula amangotenga gawo la khofiyo pa mtengo wa satifiketi. Wotsalayo amapita pa mtengo wamba ngakhale anasamalidwa chimodzimodzi.

Mu 2023 European Union inakhazikitsa lamulo lenileni lokana mawese, khofi ndi mbewu zina zolimidwa pamalo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Lamulolo likufuna malo a munda uliwonse pa GPS, ndipo satifiketi payokha siikwanira. N'chifukwa chake alimi oyandikana ndi nkhalango za Nyika ndi Uzumara ndimawapempha kuti minda yawo ijambulidwe msanga, wogula asanafunse.