Za Kusunga Mango m'Botolo

Ana inu, mudziwa nonse mmene kukhalira kwathu kuno ku Balaka m'mwezi wa Disembala. Mitengo ya mango ilemedwa ndi zipatso, ndipo nthambi zake ziweramira pansi. Mphepo ikaomba usiku, m'mawa mupeza mango ali mbwee pansi pa mtengo. Ana adya kufikira atakhuta, mbuzi nazo zidya, amayi asenza ena m'madengu kunka nawo kumsewu, ku Ulongwe kapena ku Phalula. Koma ogula achepa, pakuti mudzi uliwonse uli ndi mango ake. Otsalawo avunda, ndipo ntchentche zisonkhanapo.

Tsono werengani masabata 8 okha kuchokera pamenepo. Febuluwale wafika. Nkhokwe zapepuka, chimanga cha m'munda sichinakhwime, ndipo m'mitengo ija mulibe chipatso ngakhale chimodzi. Mwana amene anali kuponda mango ndi mapazi tsopano amwa phala lopanda kanthu, nanyamuka kunka kusukulu. Kodi palibe njira yakuti chakudya cha Disembala chidikire Febuluwale? Njira ilipo, ndipo ndiyo tiphunzire lero.

Vuto limeneli si lathu lokha. M'maiko ozizira a kumpoto zipatso zipsa zonse pamodzi, ndipo pambuyo pake idza nyengo yachisanu choopsa, madzi aundana, mitengo iyoyoka masamba, m'munda osamera kanthu miyezi ingapo. Chifukwa chake anthu a kumeneko anaphunzira kale kuphika zipatso kuti zikhalitse. Ku America atenga zipatso ziwiri naziphika mumphika umodzi. China ndicho peyala la kwawoko. Musaliyese peyala lathu lija lamafuta, limene tidya ndi mchere kapena shuga. Lawolo ndi lamadzi, lotsekemera, lachibale ndi apulo. Chinzake ndi kachipatso kofiira, kowawasa kwambiri, kotchedwa cranberry, kamene kamera m'madambo a ku Wisconsin ndi ku Massachusetts. Pokolola, alimi ambiri adzaza madzi m'mundamo, ndipo tizipatsoto tiyandama pamwamba, popeza m'kati mwake muli mpweya. Pamenepo atikokolola mosavuta.

Zipatso ziwirizi aziphika pamoto wochepa nthawi yaitali, kufikira zitasanduka phala lolimba, losalala, lopakika pa buledi. Amalitcha batala wa zipatso, ngakhale mulibe mkaka kapena mafuta. Dzinalo linadza chifukwa cha kapakidwe kake. Ife tingolitcha jamu, monga atchulira amayi athu.

Taonani nzeru imene ili pamenepa. Peyala ndi lotsekemera koma lopanda ukali. Cranberry ndi wowawasa, wosadyeka payekha. Akaziphatikiza, china chithandiza chinzake. Zipatso zimenezi sizingabale kwathu kuno kotentha, koma nzeru yake ingabale. Chotsekemera tili nacho, ndicho mango, amene kwawo kwenikweni ndi ku India ndi maiko oyandikana nalo. Zowawasa tili nazo zambiri: bwemba, malambe, mandimu, ndi chidede chija chofiira chimene ena abzala kuseri kwa nyumba. Chidede chifanana ndi cranberry m'maonekedwe a madzi ake ndi m'kuwawasa kwake, kotero kuti ku America ena anachipatsa dzina lakuti cranberry wa ku Florida. Ndipo bwemba, malambe ndi chidede chouma zisungika bwino kuchokera m'chilimwe, kudikira mango kuti apse.

Tisanakoleze moto, tiyambe tafunsa: chivunditsa mango n'chiyani? M'mpweya, m'fumbi, m'madzi ndi m'manja mwathu muli tizilombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tina tichititsa chuku, tina tisasitsa chakudya, tina tidwalitsa munthu. Tonseti tikonda malo achinyezi ndi ofunda, ndipo mango akupsa m'nyengo ya dzinja ndiwo mudzi wawo wokoma.

Kale anthu sanali kutidziwa tizilomboti. Munthu wina wa ku France, dzina lake Nicolas Appert, wophika zotsekemera, anayesayesa zaka zambiri, napeza kuti chakudya chotsekeredwa m'botolo ndi kuwiritsidwa m'madzi chikhala miyezi osawonongeka. Analemba buku la njira yakeyo m'chaka cha 1810, ndipo boma la dziko lake linampatsa mphotho ya ndalama 12,000 za kwawoko. Koma iye sanadziwe chifukwa chake njirayo inagwira ntchito. Panapita zaka ngati 50, ndipo m'zaka za m'ma 1860 Louis Pasteur, wa ku France komweko, anasonyeza kuti tizilombo ndito tivunditsa zakudya, ndi kuti moto utipha.

Tsono polimbana nato tili ndi zida 4. Choyamba ndi moto, umene upha tizilombo ndi kuchotsa madzi. Makolo athu anaidziwa kale mbali imeneyi: nanga mfutso ndi makaka sizikhalitsa chifukwa madzi anachokamo? Chachiwiri ndi shuga, amene agwira madzi otsalawo kuti tizilombo tisawamwe, monga mchere uchitira pa nsomba za mu Shire. Chachitatu ndi kuwawasa, pakuti tizilombo toopsa koposa sitingakule m'chakudya chowawasa. Ichi muchigwire bwino: mango akupsetsa alibe kuwawasa kokwanira, ndipo kuwatsekera m'botolo okha n'kudziika pangozi. Bwemba sitimthira chifukwa cha kukoma kokha, iye ndiye mlonda wa botolo. Chachinayi ndi botolo loyera, lotsekeka bwino, kuti tizilombo tatsopano tisalowe.

Kaphikidwe kake nkotere. Thyolani mango a mumtengo, kapena tolani amene agwa kumene, opanda bala ndi opanda mphutsi. Maboloma ndi abwino popeza ali ndi mnofu wambiri, koma kalisere ndi ena ang'onoang'ono nawonso athandiza. Pa mango 4 alionse akupsa onjezani amodzi osapsetsa, pakuti osapsetsawo awawasa, ndiponso ali ndi kanthu kambiri kotchedwa pectin, kamene kagwiranitsa jamu. Sambani m'manja ndi sopo, tsukani mangowo, sendani makoko, ndipo lengani mnofu wake ndi mpeni. Uphikeni ndi madzi pang'ono kufikira utafewa, ndipo musefe pa sefa kuti ulusi wonse utsale.

Bwemba mumsende, mumviike m'madzi otentha pang'ono, mumfinye ndi manja oyera, ndipo musefe kuchotsa njere, kuti atsale wokhuthala ngati phala. Muyeso wake ndi uwu: makapu 8 a mango osefa, kapu imodzi ya bwemba wokhuthala, ndi makapu 4 a shuga. Amene adziwa masamu aona kale kuti pa makapu 2 alionse a mango pafunika kapu imodzi ya shuga. Ngati bwemba palibe, finyani mandimu okwana theka la kapu. Ngati mufuna jamu wofiira ngati wa ku America uja, viikani chidede chouma chodzaza manja awiri, muchiphike, muchisefe, ndipo muchithire pamodzi ndi bwembayo.

Sankhani poto wotakasuka kukamwa, kuti nthunzi ituluke msanga, ndipo asakhale wadzimbiri, pakuti zowawasa zidya chitsulo ndipo jamu ada. Musavundikire. Moto ukhale wa makala kapena wa nkhuni ziwiri zokha, si moto wophikira nsima ayi. Takasani ndi mthiko wautali, wosanunkha ndiwo, kufikira pansi penipeni pa poto. Poyamba mungathe kupumulako, koma jamu akayamba kulimba musachokepo. Apa mpofunika munthu wamkulu, chifukwa jamu wowira athovoka ndi kudumpha, ndipo akagwera pakhungu amamatira, natentha koposa madzi owira. Ana ang'ono akhale patali ndi mafuwa.

Ntchito imeneyi itenga ola limodzi ndi theka, kapena maola 2. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzaona jamu akuchepa m'poto, nasanduka wodera ndi wonyezimira. Kuti mudziwe ngati wapsa, dontheza pang'ono pa mbale yozizira. Ngati madzi atuluka m'mbali mwake nazungulira, sanapse, pitirizani. Ngati akhala chiunjikire, wopanda madzi m'mphepete, wapsa.

Pamene wina atakasa, wina akonze mabotolo. Akhale a galasi, opanda mng'alu, okhala ndi zotsekera zachitsulo zosapindika ndi zopanda dzimbiri. Atsukeni ndi sopo, muwaike m'madzi ozizira, ndi kuwawiritsa mphindi 10. Thirani jamu ali wotentha m'mabotolo ali otentha, pakuti galasi lozizira lisweka likakumana ndi chotentha. Siyani mpata wa chala chimodzi chopingasa pamwamba, pukutani kukamwa kwa botolo ndi nsalu yoyera, ndipo tsekani. Kenaka yalani kansalu pansi pa poto wamkulu, imikani mabotolowo, thirani madzi otentha kufikira atamira, ndipo awire mphindi 15. Iyi ndiyo njira ya Appert ija. Akazizira, dinikizani chotsekera ndi chala. Ngati chalowa m'kati ndipo sichidumpha, botolo latsekeka. Lembani tsiku, ndipo lisungeni pamalo ozizira ndi amdima. Ngati chidumpha, jamu ameneyo adyedwe masiku omwewo.

Ine mphunzitsi wanu ndinalakwapo pa ntchito imeneyi, ndipo sindibisa. Chaka choyamba tinaphika mabotolo 6 kunyumba kwathu. Ndinaona kuti shuga ndi wodula, ndipo ndinati, mangowa atsekemera kale, tithire theka lokha. Ndinaonanso kuti nkhuni zikutha, ndipo ndinati kuwiritsa kwachiwiri kuja n'kungotaya nthawi. Mayi a kunyumba anandichenjeza, koma sindinamve. Pofika Febuluwale tinatsegula botolo loyamba, ndipo pamwamba pake panali chuku choyera ngati thonje. Lachiwiri linachita thovu, nkununkha ngati mowa. Tinataya onse 6. Shuga amene ndinati ndipulumutse anatayika pamodzi ndi amene ndinathira, ndipo ana anga anamwa phala lopanda kanthu monga kale. Chaka chinacho ndinatsata muyeso, ndipo botolo lotsiriza tinalitsegula chimanga chachiwisi chitayamba kudyedwa, jamu ali bwinobwino.

Chifukwa chake sungani malamulo awa. Botolo lotupa chotsekera, lochita thovu, lachuku kapena lonunkha, litayidwe lonse. Musalawe, ndipo musati tichotse pamwamba pokha, pakuti mizu ya chuku ilowa pansi pamene maso saona. Botolo likatsegulidwa, tapani ndi supuni youma ndi yoyera, si yochokera m'kamwa, ndipo mulimalize m'masiku 3 kapena 4, popeza kwathu kuno nkotentha.

Wina adzati, kwathu shuga wa makapu 4 sitingamupeze. Nzoona, shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa sabwera waulere. Koma mutu umodzi susenza denga. Nyumba zitatu zingathe kusonkherana: ina mango ndi nkhuni, ina bwemba ndi mabotolo, zonse pamodzi shuga, ndipo pomaliza zigawane. Ndipo kumene shuga asoweratu, mango angalengedwe mopyapyala ndi kuyanikidwa pa thandala loyera masiku a dzuwa, atafunditsidwa kansalu kopyapyala kuletsa ntchentche.

Musayese kuti jamu aposa chipatso chachiwisi. Moto uwononga gawo la vitamini C, amene achuluka m'malambe ndi m'mandimu, ndipo shuga wambiri awononga mano. M'nyengo ya mango idyani mango. Koma chikasu chija cha mango, chimene thupi lichisandutsa vitamini A wothandiza maso, chambiri chipirira moto. Supuni imodzi m'phala la m'mawa ikometsa phalalo, ndipo mwana alimaliza lonse, nafika m'kalasi ali ndi mphamvu.

Tsono chilimwe chino, mukaona bwemba atapsa m'mphepete mwa Rivirivi, tolani wina mumsungire amayi. Mukapeza botolo lagalasi lokhala ndi chotsekera chake, musaliswe ndi legeni. Litsukeni, muliike pa alumali. Mango akadzayamba kugwa, kawerengereni akulu phunziro ili.

Mafunso

1. Kodi peyala la ku America lisiyana bwanji ndi peyala lathu?
2. Tchulani zida 4 zoletsa chakudya kuvunda.
3. Chifukwa ninji sitiyenera kutsekera mango akupsetsa okha m'botolo?
4. Ngati muli ndi makapu 12 a mango osefa, mufuna makapu angati a shuga?
5. Mphunzitsi analakwa zinthu ziwiri, ndi ziti?