Basela wa pa Ndeke

Anzathu a ku Silverest, m'boma la Chongwe, amaona ndeke tsiku ndi tsiku zirikutera pa bwalo la Kenneth Kaunda. Kodi mudziwa kuti eni ndeke nawonso amapatsa basela, monga acita mai wogulitsa matimati pa msika?

Mwambo umenewu unafala kuyambira m'caka ca 1981, pamene kampani ya American Airlines inayambitsa AAdvantage. Munthu alembetsa dzina lace kwaulere, napatsidwa nambala. Pa ulendo uli wonse amuwerengera mamailosi, ndipo akacuruka akhoza kuwasinthanitsa ndi tikiti. Kwathu kuno Proflight Zambia inacha basela wace Mbasela Club. Ethiopian Airlines iri ndi ShebaMiles. Mahotela a Protea mu Lusaka nawonso amawerengera ogonamo kupyolera mu Marriott Bonvoy.

Koma cenjerani, abale. Makampani ambiri amafafaniza mamailosi akakhalitsa, ndipo tikiti ya basela ifunabe ndarama za msonkho. Tsono musagule tikiti yodula cifukwa ca basela. Wanzeru ayamba wafunsa mtengo wa matimati. Basela adza pambuyo. Tsalani bwino.